Ukagunda Kawiri, Amakusiya

Anandiulula ndi makatani. Amayi anandituma kuti ndipachike atsopano pabalaza, ndipo nditakwera pampando n'kutambasula manja, mkono wa bulauzi unatsetsereka mpaka paphewa. Achimwene anga, chisamba cha m'nyumba mwathu, anali pasofa akupolisha nsapato za kuntchito. Ndinangomva burashi yagwa pansi.

"Mzime, tatsika."

"Ndimalize kaye mbali iyi, achimwene."

"Ndati tsika!"

Ndinatsika. Anandigwira dzanja n'kundikokera pawindo, powala. Pamwamba pa chigongono panali mikwingwirima inayi yondondozana, ndipo kuseri kwake kunali wina, wakuda bii.

"Ichi n'chiyani?"

"Ndinadzigunda pachitseko cha wadiropu."

"Wadiropu yakoyo ili ndi zala?"

Anaika zala zawo pamikwingwirimapo, chilichonse pamalo pake, chachikulu kuseri. Zinakwanira ndendende. Achimwene ndi mlonda wa pasitolo yaikulu, koma amadziona ngati wapolisi wofufuza milandu amene boma linangoiwala kumulemba ntchito. Tsiku limenelo anapeza mlandu umene ankaulakalaka.

"Amayi! Tabwerani mudzaone zimene akuchita mkamwini wanu uja!"

Amayi anatuluka kukhitchini akupukuta manja. Atangoona mkonowo anakhala pansi pang'onopang'ono, maso osachoka pa ine.

"Mwana wanga, ndi wamagetsi uja?"

"Ayi, amayi. Iye uja ngakhale mphemvu akaiponda amaipepesa."

"Chikomekome cha mkuyu," anatero achimwene. "Munthu anabwera kudzakonza soketi imodzi, n'kukhala tsiku lonse akungomwetulira. Ndinamukayikira pomwepo ine. Umuuze abwere Lamlungu, adzafotokoze pamaso panga."



*

Zoona zake n'zakuti zala zinali zakedi. Kungoti nkhani yake sinali imene achimwene ankaganiza.

Chimwalirireni bambo, ndinayamba kudwala matenda osaoneka ndi maso. Ndimatha kukhala pamakina anga ndikusoka bwinobwino, mwadzidzidzi mtima n'kuyamba kuthamanga, mpweya kuchepa, manja thukuta lokhalokha, mumtima ndikungodziwa kuti ndifera pomwepo. Kuchipatala anandipima zonse n'kupeza kuti mtima ulibe vuto. Namwino wina, mayi wodekha, ndiye anandikhazika pansi n'kundiuza kuti amenewa ndi matenda a nkhawa, odwala ake ndi ambiri, ndipo thandizo lilipo. Anandilumikiza ndi alangizi, n'kundiuzanso kuti ndipeze masewera olimbitsa thupi amene ndingawakonde. Tsono pamwamba pa sitolo ya mipando, moyang'anana ndi shopu yanga, madzulo aliwonse ndinkamva anthu akugwa, phi! phi! Tsiku lina ndinakwera masitepe kukaona, n'kupeza kuti ndi judo.

Kunyumba sindinanene. Ndinkati ndikutsalira kushopu kumaliza maoda. Chifukwa chake chinali azakhali anga, mlongo wawo wa bambo. Iwo anadwala maganizo ine ndili mwana, ndipo anthu a mumsewu mwathu analibe dzina lina lowapatsa koma limodzi: wamisala. Anawatsekera kuchipinda chakumbuyo, ndipo alendo akabwera wailesi ankaikweza. Mpaka lero amayi akamva mawu amenewo amasintha nkhani. Ndinalumbira kuti ine sadzanditchula choncho, ndipo amayi sindidzawabwezera manyazi amenewo.

Ndiye ndinali pamphambano. Ndiulule matenda anga, kapena ndileke munthu wosalakwa atchedwe womenya akazi.

*

Kuholo ya judo, wamagetsi wangayo amamutcha Matiresi. Aphunzitsi akafuna kutionetsa kagwetsedwe katsopano amaitana iyeyo, chifukwa ndi wamkulu thupi, amagwa bwino, ndipo amadzuka akuseka. Tsiku langa loyamba ndi iye anandiphunzitsa kugwa pamati, timatiresi topyapyala ta mphira timene amayala pansi: chibwano pachifuwa, msana upinde, dzanja limenye pansi, mpweya utuluke. Ine ndinkagwa ngati thumba la simenti.

"Mukulimbana ndi pansi, achemwali," ankatero. "Pansi sipanagonjepo. Ingofikanipo bwino."

Patapita miyezi ndinazindikira kuti mantha aja akandigwira, ndikachita chimodzimodzi, kusiya kulimbana nawo n'kutulutsa mpweya, amadutsa msanga. Tulo tinabwerera. Ndinazindikiranso kuti "achemwali" uja wasanduka "iwe", ndipo mpaka pano sindidziwa kuti zinachitika liti.

Lamulo lalikulu la m'holomo ndi limodzi. Mnzako akakupana, iwe n'kuona kuti sungathenso, umamugunda kawiri ndi chikhatho, pamkono, pamsana, paliponse pamene dzanja lafika. Iye amakusiya pomwepo, osafunsa, osanyengerera. Aphunzitsi, bambo wamfupi wa bondo lovuta, amati munthu wosamva kugunda kawiri asadzapondenso pamati pawo.

Madzulo a tsiku la makatani lija, titamaliza masewera, tinakhala pamasitepe tikuvala nsapato. Ndinamufotokozera za makatani ndi za zala. Anaseka mpaka kugwira pamimba.

"Ine womenya akazi? Iweyo amene unandigwetsa Lachiwiri mpaka ndinaona malemu agogo anga akundikodola?"

"Usaseke. Achimwene akufuna ubwere Lamlungu."

Kuseka kunatha. Anatenga mkono wanga, n'kukweza bulauzi pang'ono, n'kuyang'ana mikwingwirima ija nthawi yaitali.

"Ndinakugwira mwamphamvu. Pepa."

"Ndi masewera. Nawenso uli nayo yanga pakhosipo."

"Ungowauza basi. Judo si kuba, ndipo nkhawa si tchimo."

"Ndikawauza za judo afunsa kuti telala akufuna chiyani kumasewera ogwetsana. Amayi akayamba kufunsa saleka mpaka afike pansi pa mphika. Sindinakonzeke. Chonde, usanene."

Anapuma mozama. "Chinsinsi n'chako, sindingachiulule. Koma ukundidziwa, bodza limandikanirira pakhosi."

"Ingokhala chete, uzimwetulira."

"Kumwetulirako ndi kumene achimwene ako akudana nako."

Kumbuyo kwathu wina anatsokomola. Anali Kamphepo, mtsikana wa lamba wabulauni, wothamanga miyendo ndi pakamwa pomwe. Ine ndisanabwere ndi iye ankagwirana jekete ndi Matiresi, ndipo chiyambire sanandikhululukire. Amaimbanso kwaya imodzi ndi mayi ake a Matiresi, nkhani imene amaonetsetsa kuti ndisaiwale.

"Ndidutse nawo, akuluakulu. Masitepe ano si paki," anatero. Anadutsa pakati pathu, malo ena alipo, n'kucheukira Matiresi. "Amayi amakufunsatu dzulo kukwaya. Ndinawauza kuti watanganidwa ndi ophunzira atsopano."

*

Lamlungu anabwera atavala shati imene ndinamusokera ndekha, ataisita mpaka mizere. Amayi anamulandira ndi ulemu wozizira. Achimwene anakhala moyang'anana naye, atapinda manja.

"Muli bwanji, alamu?" anatero Matiresi.

"Alamu ake ati? Tinakwatitsa ndani kwa inu?"

Ine ndinali pampando wa pafupi ndi khomo, ndikutulutsa mpweya pang'onopang'ono kuti wina asazindikire.

"Ndikufunsani mafunso, muziyankha eya kapena ayi," anatero achimwene. "Zala zili pamkono pa mlongo wangazi ndi zanu?"

Matiresi anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana makatani.

"Eya."

Amayi anagwira pakamwa.

"Munamugwetsapo pansi?"

"Eya."

"Kamodzi?"

"Ayi, achimwene. Kambirimbiri."

"Ambuye wanga!" anatero amayi.

"Koma nayenso amandigwetsa," anawonjezera msangamsanga, poganiza kuti akukonza zinthu. "Masiku ano ndiye wogwetsa kwambiri ndi iyeyo."

"Mwamva, amayi? Akuti amamenyana, ndipo akunyadira! Kamwana aka kakugwetseni inu, chimunthu chonsechi?" Achimwene anaimirira. "Amakulakwirani chiyani?"

"Sandilakwira chilichonse."

"Ndiye mumangomugwetsa?"

"Chifukwa chake sindinganene ndine."

Apa ndi pamene ndinayenera kuyankhula. Mawu anali pakhosi, ndinkawamva, koma mtima unayamba kuthamanga ndipo chipinda chinayamba kuchepa. Ndinamuona munthu amene amandikonda akumeza chipongwe chosakhala chake, ndipo ndinachita manyazi amene sindinachitepo.

Amayi anayankhula motsitsa, koma mawu awo anapweteka kuposa phokoso la achimwene.

"Bambo, mwana uyu ndinamulera osamumenya ndi kamodzi komwe. Nyamukani. Pakhomo pano musadzapondeponso."

Anaimirira, n'kuwerama pang'ono monga timachitira potuluka pamati. Ndinamutsatira mpaka pakhonde, achimwene ali kumbuyo kwanga. Pamenepo anandigwira dzanja mofatsa, maso ali ofiira.

"Ndiuze chochita," ananong'ona. "Ndidikire?"

Ndinkafuna kumuuza kuti limba mtima, ndikonza, ndimakukonda. Mawu atakanika, ndinachita zimene munthu aliyense amachita potonthoza mnzake: ndinamumenya pang'ono pamkono ndi chikhatho, pha, pha.

Anandisiya pomwepo ngati wagwira waya wa moto. Anandiyang'ana kamphindi, n'kugwedeza mutu, n'kutuluka pageti osacheuka. Ine ndinabwerera m'nyumba ndikuganiza kuti wandimvetsa.

*

Madzulo ndinamulembera pafoni: "Wafika bwino?"

Anayankha: "Ndafika. Ndamva. Sindikuvutitsanso."

Ndinaganiza kuti akunena za mawu a amayi. Ndinalemba: "Pepa kwambiri."

Iye: "Usapepese. Lamulo ndi lamulo."

Ndinawerenga mobwerezabwereza, osamvetsa kuti achimwene anga asanduka liti lamulo. Kuchokera pamenepo foni inangoti zii. Ndikaimba sankayankha. Ameneyu ndi munthu amene kale ankanditumizira uthenga ngakhale wongondiuza kuti waona galu woyenda ngati Aphunzitsi.

Achimwene anayamba kudzanditenga kushopu akaweruka, ndiye kujudo ndinasiya kupita. Ndinkamva anzanga akugwa kutsidya kwa msewu, ine ndikutseka chitseko, wondilondera ataima pambali. Amayi ankandibweretsera tiyi kuchipinda n'kumandisisita kumsana.

"Uiwala, mwana wanga. Amuna ndi ambiri, mkono wako ndi umodzi womwewu."

Kukoma mtima kwawoko kunkandilasa. Tulo tinathawa, chakudya sichinkalowa, ndipo matenda aja, amene anali atayamba kundiiwala, anakumbukira njira.

Tsiku lina achimwene atawasintha shifiti, ndinawoloka msewu n'kukwera masitepe. Nditasuzumira pakhomo ndinaona Matiresi ali pamati ndi Kamphepo, atagwirana majekete, mtsikanayo akuseka ndi mano onse. Sindinalowe n'komwe. Ndinathawira m'chipinda chosinthira zovala, n'kukhala pansi nditatsamira khoma, mpweya ukukana kulowa, zala zitachita dzanzi. Ndinaika chibwano pachifuwa n'kumadziuza kuti ndisalimbane nazo, zidutsa.

Chitseko chinatseguka, n'kulowa Kamphepo. Ndinayembekezera chipongwe, koma iye anagwada n'kundipatsa botolo lake la madzi.

"Ndi mphumu? Ndiitane galimoto?"

"Ayi, zidutsa. Ndi nkhawa chabe. Ndimaonana ndi alangizi kuchipatala."

"Alangizi a odwala maganizo aja?"

Ndinavomera ndi mutu. Munthu akakupatsa madzi pa nthawi ngati imeneyo umaiwala kuti ndi ndani.

"Pepa wee," anatero, maso ake akundiyeza monga ine ndimayezera kasitomala. "Komabe wachita bwino kumumasula mnyamata uja. Akuvutika, koma azolowera."

"Kumumasula? Wamumasula ndani?"

"Si iweyo? Akuti unagunda wekha. Kawiri, pamkono, achimwene ako akuona."

Mantha onse anathera pomwepo, m'malo mwake munalowa ukali. Ndinadzuka n'kulowa m'holo ndi nsapato zomwe.

"Nsapato!" anakuwa Aphunzitsi.

Ndinazivula n'kuziponyera kukhoma, n'kukaima pamaso pa Matiresi.

"Iwe, m'mutu mwakomu muli mawaya okhaokha? Ndinagunda liti ine?"

"Pakhonde. Ndinakufunsa ngati ndidikire, iwe n'kugunda kawiri."

"Ndinkakutonthoza!"

"Kawiri?"

"Nanga anthu amatonthoza kangati?"

"Kaya! Katatu, kanayi, ngakhale kamodzi ndikanamva. Koma kawiri?" "Unali utapanika, ndinakuona. Uku abale ako, uku ine. Ndinati mwina amene akukupana ndine. Munthu akagunda sumufunsa kuti watsimikiza. Umangomusiya, ngakhale zikupweteke bwanji."

Ukali wanga unasungunuka. Anthu onse m'holomo anali akutiyang'ana, ena atagwiranabe makolala. Ndinaganiza za amuna angati amene mkazi amawauza ndi pakamwa kuti ndisiye iwo osamva, pamene uyu anamva chikhatho chokha n'kulolera kusweka mtima. Ndinamukonda pamenepo kuposa kale lonse.

"Chitsiru changa," ndinatero, misozi ikutsika. "Tsiku limene ndidzakusiye ndidzakuuza ndi pakamwa, ndipo adzamva mpaka a kutsidya kwa msewu. Wamva?"

"Ndamva."

"Mwamaliza?" anafunsa Aphunzitsi. "Zachikondi n'zapansi pa masitepe, muno timagwetsana. Iwe telala, kavale jekete, wajomba mokwanira."

Ndinamugwetsa madzulo amenewo mpaka mkono unatopa, ndipo ndikukhulupirira kuti kangapo konse anagwa dala.

*

Potsika masitepe anandinyamulira chikwama. Tinaima pakhomo la sitolo ya mipando, itatsekedwa, pagalasi pakuoneka masofa ovala mapulasitiki.

"Waonda," ndinatero.

"Ndimadya, koma chakudyacho sichimadziwa kopita."

"Ndiye unangothamangira kwa Kamphepo?"

"Ndi Aphunzitsi amene anatiphatikiza. Ndipo uja amagwetsa mopanda chikondi, msana wonsewu ukuwawa."

"Ine ndimagwetsa mwachikondi?"

"Iwe ukandigwetsa umagwirabe mkono wanga mpaka ndifike pansi. Sunazindikire?"

Sindinali nditazindikira. Ndinayang'ana masofa aja kuti asaone mmene nkhope yanga inatenthera.

"Lero ndikawauza," ndinatero. "Zonse."

"Usachite chifukwa cha ine."

"Ndikuchita chifukwa cha ine ndemwe. Ndatopa kubisala m'nyumba mwathu momwe. Komanso dzina lako ndinalidetsa ndine, ndikalichape."

"Ndikuperekeze?"

"Achimwene akakuona pageti aitana apolisi enieni."

Kunyumba ndinapeza amayi akupinda zovala pabedi lawo, achimwene ataima pakhomo la chipindacho, atakonzeka kundifunsa kumene ndinali. Sindinawapatse mpata. Ndinatulutsa jekete yanga yoyera m'chikwama n'kuiyala pabedi pamodzi ndi lamba.

"Ndimaphunzira judo. Mikwingwirima ija ndi ya kumeneko. Sanandimenyepo, ndipo anakhala chete chifukwa ndinamupempha ndine."

"Judo? Iwe?" Achimwene anaseka. "Usatinamize pofuna kumuteteza."

Anatambasula dzanja kuti andigwire paphewa. Thupi linadzichitira lokha. Ndinagwira mkono wa shati, kutembenuka, kutsitsa chiuno, ndipo mlonda wa sitolo yaikulu anapezeka ali chagada pabedi la amayi, pamwamba pa zovala zopindapinda, akuyang'ana kudenga.

"Ee," anatero patapita kanthawi. "Ndi judo."

Amayi sanaseke. "Nanga unkabisiranji? Telala akufuna chiyani kumasewera ogwetsana?"

Ndinakhala pambali pawo n'kuwauza zonse: za mtima wothamanga, za namwino, za alangizi, za masiku amene ndinkatseka shopu masanasana n'kugona pansi pa tebulo lodulirapo nsalu mpaka zidutse. Ndinawauza kuti pamati ndi pamene ndinaphunzira kuti munthu akhoza kugwa osasweka, ndipo kuti ndikajomba masewerawo matenda amakula. Pomaliza ndinati, "Ndinkaopa kuti munena kuti ndayamba za azakhali."

Amayi anasalaza pilo ndi dzanja.

"Azakhali ako sanali oopsa," anatero. "Ankangofuna munthu wokhala nawo pafupi, ife n'kuwapatsa loko." Anandikokera pachifuwa pawo. "Iwe sindikutsekera, mwana wanga. Ukamva mtima ukuthamanga undiitane, ngakhale ndili kubafa."

Ndinalira ngati khanda. Achimwene anadzuka mwakachetechete akusisita msana, n'kuyamba kupinda zovala zimene anazikwinya.

"Ndiye mlamu wanga uja amakonda chakumwa chanji?" anafunsa.

"Mwayamba kumutcha mlamu?"

"Munthu wogwetsedwa chonchi tsiku ndi tsiku n'kumabwererabe, ameneyo ndi wa banja."

*

Lamlungu lotsatira Matiresi anabweranso ndi shati yomwe ija. Achimwene anakamulandirira pageti penipeni, n'kumugwira dzanja ndi manja awiri.

"Alamu, ndinalakwa. Pakamwa panathamanga kusiya mutu m'mbuyo."

"Palibe kanthu, alamu. Ndikanakhala ndi mlongo n'kubwera ndi mkono wotero, nanenso ndikanatero."

"Komano nanunso kayankhidwe kanu! 'Kambirimbiri'! Munthu amayankha choncho pamlandu?"

Amayi anamupatsa mpando wa malemu bambo, umene ngakhale achimwene sakhalapo.

"Mwana wanga, mawu aja ndabweza. Pakhomo pano ndi panu. Zikomo pondisungira mwanayu pamene ine sindinkadziwa kanthu." Kenako anawonjezera, osamwetulira n'komwe, "Babu la kubafa likuphethira. Koma musafulumire, tsiku ndi lalitali."

Pomuperekeza tinayenda pang'onopang'ono, aliyense akunamizira kuti nsapato zikumupweteka.

"Tsopano kwatsala kwathu," anatero. "Ndikufuna ukaonane ndi amayi."

"Akudziwa za ine?"

"Akudziwa kuti pali telala wina amene wandisokoneza. Atopa n'kumva."

"Za nkhawa?"

"Ayi. Imeneyo udzanena wekha, tsiku limene udzafune."

Ndinamugwira mkono n'kumusisita katatu, ndikuwerenga mokweza kuti pasakhalenso mlandu.

*

Chakudza sichiyimba ng'oma. Loweruka m'mawa ndinali kushopu ndikuimba kanyimbo, pakhomo n'kuima mayi wamtali, wovala bwino, atanyamula diresi m'pepala la pulasitiki. Ndinali ndisanakumanepo nawo, koma mphumi ndi makutuwo ndinazizindikira msanga. Anali mayi ake a Matiresi.

"Ndimafuna mundipindire m'munsimu, yatalika," anatero.

Ndinailandira ndi manja awiri, n'kuwalozera kuseri kwa nsalu yotchinga kuti akavale. Atatuluka ndinagwada pansi ndi mapini pakamwa, n'kuyamba kupinda. Ndinkamva maso awo pamutu panga.

"Manja anu ndi aluso. Mwana wanga amakutamani."

"Zikomo, amayi," ndinatero ndi mbali imodzi ya pakamwa.

"Koma pali chimene sanandiuze. Ndamva kuti mumadwala mutu. Akuti mumagwa pansi m'zipinda, ndipo mumapita kumene amapita amisala."

Mawu aja, amene ndinawathawa moyo wanga wonse, anandipeza nditagwada. Ndinachotsa mapini pakamwa imodziimodzi. Pawindo ndinaona Kamphepo ataima kutsidya kwa msewu, atanyamula chikwama cha mayiwo, akunamizira kuwerenga foni.

"Si misala, amayi. Ndi nkhawa, ndipo ndikulandira thandizo. Mwana wanu akudziwa zonse."

"Akudziwa, n'kundibisira?" Mawu awo anasweka pang'ono, ndipo ndinaona kuti si nkhanza, ndi mantha. "Ine ndinabereka mmodzi yekhayo. Ndafufuza, akuti kwanu zinaliko kale, kwa azakhali anu. Ndikukupemphani monga mayi, musiyeni mwaulemu. Mawu anga sawamva, koma anu awamva."

Mtima unayamba kuthamanga. Ndinaulola, n'kutulutsa mpweya pang'onopang'ono, kenako ndinaimirira kuti tiyang'anane maso ndi maso.

"Diresi mudzaitenga mawa, amayi, ndipo muikonda. Koma mwana wanu sindimusiya."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ndiye asankhe yekha pakati pa amene anamubereka ndi amene wamupeza atakula kale. Ndamuimbira kale kuti atipeze pano."

Panja panamveka likhweru limene ndimalidziwa bwino. Matiresi anakankha chitseko ndi phewa, bokosi la zida kudzanja limodzi, mabotolo atatu a chakumwa kudzanja linalo, nkhope yonse ili mwee. Anayang'ana ine, anayang'ana mayi ake atavala diresi yodzaza mapini.

"Ndiye mwamuona, amayi!" anatero. "Si ndinakuuzani kuti mumukonda?"